Nyimbo Zosapuma pa Ukwati wa Luwiza

Achimwene anga a Tome anaimba pa maukwati a anthu ena kwa zaka zambirimbiri, kuyambira nthawi ya Apwitikizi tawuni ino ya Lichinga ikutchedwa Vila Kabarale, koma pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, sanaimbe. Amene ndinachititsa ndine. Panalibe ndewu, panalibe mawu oipa, ndipo amene analipo mpaka lero amati ukwati wokoma ngati umenewo sunachitikenso nthawi yonse ya nkhondo. Akamatero ine ndimangovomera ndi mutu.

Iwowa ndi amene anandilera bambo athu atamwalira. Makolo athu anachokera kunyanja, koma ife tinakulira ku Lulimile konkuno. Masana achimwene ankakonza njinga pafupi ndi msika, ndipo njingazo ndi zimene zinkatidyetsa, koma dzina lawo linali pa gitala, imene kuno timati viyola. Kaimbidwe kameneka kali ndi mwambo wake, ndipo ana a masiku ano sakuudziwa. Pa ukwati zimayamba ndi ng'oma, achinyamata n'kuvina mpaka fumbi kuti koboo. Wa viyola salowa m'phokosomo. Amakhala pambali, viyola ili pamiyendo, kudikira. Palibe amamuitana, ndipo iye sapempha, chifukwa munthu wamkulu kupempha mpata pamaso pa akuchimuna n'kudzichotsa ulemu. Oimba ng'oma ndi anthu, manja amawawa, amaleka okha. Ovina amakhala pansi, amayi amatulutsa thobwa, ndiye pakangoti zii mumamva chala chikukhudza nsambo. Nyimboyo imakhala ya ukwati umenewo basi. Mumatchulidwa mayina a akwatiwo, agogo awo amene anatisiya, mudzi umene mtundu unachokera, ndi tinthabwala togwetsa apongozi ndi phwete. Ikaimbidwa yatha, saibwerezanso kwina.

Ufulu unabwera, tinavina, kenaka kunabwera nkhondo ina. Ine ndinali nditamaliza sesita kalasi, kalasi yachisanu ndi chimodzi, kalekale, ntchito ndilibe, ndipo mnyamata wotero njira zake zinali ziwiri: usilikali, kapena kulembetsa dzina pa gulu limene boma linkatumiza kukagwira ntchito ku Jeremani ya kummawa. Achimwene sanachedwe n'kuganiza. Anati ndipite, mfuti siyondiyenera, munthu wolephera ngakhale kuzinga nkhuku. Anandiperekeza ku bwalo la ndege pa njinga, ine pa keliyala, kathumba kali pamiyendo. Luwiza, mwana wawo uja, anali kamtsikana koyamba kumene kuchita manyazi. Anangondipatsa mbatata zootcha m'pepala n'kukabisala kumbuyo kwa mayi ake.

Ife a ku Lichinga tinali ndi matama amodzi m'ndege muja. Tinkawauza a ku Maputo ndi a ku Beira kuti inu mukafa, ife kuzizira tinabadwa nako. Aaa, bodza lenileni. Kwa Juni wa kuno n'kusewera. Kumene kuja makutu amachita ngati wina akuwadula ndi lumo, ndipo tsiku loyamba kuyenda pa madzi ouma ndine ndinayamba kugwa chagada, a ku Beira aja akuonerera. Za kuzizira sindinatsegulenso pakamwa.

Anatiika pa fabrika, fakitale ya mawaya a magetsi. Ntchito yanga inali kuima pa makina okulunga waya pa magudumu akuluakulu amatabwa, kuyang'anira kuti usaduke, maola asanu ndi atatu maso ali pa waya. Tinkagona m'nyumba yaitali ya alendo okhaokha, anayi chipinda chimodzi, pakhomo pali mlonda wolemba aliyense wolowa ndi wotuluka. Bedi la pamwamba pa langa linali la Jafali, Myao wa ku Chimbonila, munthu wosalankhulalankhula. Iyeyu anavutika ndi zakudya, chifukwa kumeneko nkhumba amaibisa paliponse, ngakhale mu supu yooneka yosalakwa. Chaka china Ramadani inagwa nthawi imene dzuwa la kumeneko limakana kulowa. Anapirira masiku atatu, lachinayi anatulutsa wotchi yake n'kunena kuti iye azimasula pa ola la ku Lichinga, Mulungu akudziwa kumene anachokera. Tinamuseka mpaka misozi, koma kuyambira tsikulo tonse a m'chipindamo tinkadikira ola la ku Lichinga kuti tidye naye limodzi.

Kumudzi ndinkatumiza zimene ndinkatha: mabulangete, sopo, nsapato za Luwiza zimene zinafika zitamuchepera, ndi nsambo za viyola, chifukwa kuno achimwene anali atayamba kumanga mawaya a mabuleki a njinga. Maphukusi ena ankafika, ena ankasochera m'njira, ndipo sitinkafunsa kuti asochera bwanji.

Za nyimbo zinayamba mwangozi. Pa fabrikapo panali holo imene anthu ankavinamo Lamlungu masana, ndipo woika nyimbo anali a Ditala, mzungu wokonza magetsi, wandevu, wosaseka. Tsiku lina waya wa sipika unaduka anthu ali pakati povina. Ine ndinali pafupi, ndinausenda ndi mano n'kulumikiza. Lamlungu lotsatira anandikodola kuti ndiime pambali pawo. Pa tebulo panali magalamafoni awiri, pakati pake kabokosi kosakanizira mawu, ndi chomvera cha m'makutu chimene ankachipana ndi phewa. Analinso ndi pepala la mayina a nyimbo za mayiko a makamarada ogwirizana ndi boma la kumeneko, lokaonetsa kwa mashefe, mabwana a pa ntchito, koma zambiri zimene zinkatuluka m'masipika zinali zina, zochokera tsidya lina la malire, ku Jeremani ya kumadzulo. Aliyense ankadziwa, mashefewo ankavina nawo.

Lamulo la a Ditala linali limodzi: nyimbo isathe inzake isanalowe. Pamene chimbale china chikuzungulira anthu akuvina, iwe khutu lako lili kale pa chinzake, chala chikuchigwira m'mphepete, ukuwerenga kagundidwe kake, ndiye ukuchilowetsa pansi pa choyambacho pang'onopang'ono kuti mapazi a ovina asadziwe kuti pasintha kanthu. Ankati chete ndi dzenje, anthu akagweramo satulukanso. Ulendo woyamba kundisiyira tebulo ndinachedwa kuika singano, kunangoti zii kwa nthawi yopuma kawiri basi. Anthu anayang'anana, wina anapita kukagula mowa, anzake anamutsatira, bwalo linatsala pululu. A Ditala sanandikalipire. Anangokhala sabata yathunthu osandipatsa moni pa fabrika. Manyazi amenewo anandilowa m'mafupa, ndipo ndinaphunzira mpaka manja anayamba kugwira okha ine ndikuganiza zina.

Ndisaname, ndinkakonda kuima kuseri kwa tebulo lija. M'basi anthu ankasuntha ndikakhala pafupi nawo, ndipo panali misewu imene munthu wakuda sankayendamo yekha. Koma Lamlungu masana anthu omwewo ankavina zimene dzanja langa lasankha, ndikafuna kuti alumphe ankalumpha.

Kalata ya mwendo inafika chaka chachitatu, yolemba Luwiza, mawu ali a alamu, mayi ake. Achimwene anakwera lole yopita ku Chimbonila kukafuna mbatata, loleyo inaponda bomba lokwirira, iwo anapulumuka koma mwendo wakumanzere anaudula pansi pa bondo. Ndinaiwerenga, ndinaipinda, ndinapita ku ntchito. Pobwera ndinapeza Jafali wandiphikira tiyi. Anakhala nane pa bedi, pokhala msewu umenewo unali wa kwawo ndipo naye anali ndi ake oti awaganizire.

Patapita miyezi achimwene analemba okha. Za mwendo sanatchule. Anati Luwiza wapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Chimbonila komweko, ndipo ukwati udikira ine. Anati nyimbo ayamba kale kuipeka, ndipo idzakhala yoposa zonse zimene anaimbira ana a eni. Koma chichokereni kuchipatala chifuwa chawo chinaphwa, mawu safika patali, ndiye ndiwapezere kachitsulo kaja kokuza mawu. Loweruka lomwelo ndinakagula maikolofoni ndi waya wake wautali.

Kenaka Jeremani ija inatha ife tikuona. Malire anatseguka, fabrika inayamba kuzimitsa makina amodziamodzi, ndipo anatiuza kuti tizipita kwathu. A Ditala nawo zinawathera. Kuchokera tsidya lina kunabwera timbale ting'onoting'ono tonyezimira, tosafuna singano, ndi anyamata atsopano obwera ndi zida zawozawo, ndipo holo ija anaisandutsa sitolo ya makapeti. Zida zonse anandigulitsa, zimbale zakuda zija anangondipatsa makatoni atatu, akuti kwawoko tsopano ndi zinyalala. Tsiku lokhomera bokosi ndi limene ndinawaona akuseka koyamba. Jafali yekha anati pamene ine ndikutola zinyalala za azungu, iye wagula makina osokera, tidzaona amene adzadye.

Ndinafika ku Lichinga pa ndege, bokosi linatsala m'mbuyo kudikira sitima ya pamtunda, imene nthawi imeneyo inkabwera ikafuna. Tawuni ndinaipeza yodzaza ndi anthu othawa m'midzi, tinyumba taudzu mpaka m'malo amene ndinasiya muli mitengo ya paini. Ife obwerera anatipatsa dzina, Majerimani, ndipo ankatidziwira jekete ndi kayendedwe. Alamu anali ataonda, khosi lokhalokha, ndipo anali atasiya macheza awo aja oseka mokweza. Luwiza anandigwadira ngati mlendo. Achimwene anatuluka pa ndodo ziwiri, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kunena kuti mtchona wabwera, nkhuku za pano zisade nkhawa. Ndinaseka nawo, maso ndikuwaletsa kutsika kumwendo.

Bokosi litafika, tsiku la ukwati linakhazikitsidwa. Tsiku lina magetsi atabwera pang'ono ndinalumikiza zida m'nyumba n'kuwapatsa achimwene maikolofoni. Anatsokomolamo, mawu anagunda malata, iwo anadzidzimuka kenaka anaseka ngati mwana. Ndinati ayese nyimbo ija, anakana, anati ndidzaimva tsiku lake pamodzi ndi anzanga. Masana aliwonse akaweruka ku msika ankapita kuseri kwa nyumba ndi viyola, kumaimba chapansipansi, wina akayandikira n'kusiya.

Ukwati wa nthawi ya nkhondo unali wa masana. Akuchimuna anabwera pa lole imodzi yoperekezedwa ndi asilikali, ndipo anayenera kubwerera dzuwa lisanapendeke kwambiri, mkwatibwi ali momwemo. Magetsi a tawuni masana kunalibe, choncho tinabwereka jenereta kwa mwini sitolo wina, ndi dizilo wa m'chigubu chimodzi. A ng'oma atamva kuti Mjerimani wabwera ndi makina sanavutike n'kunyamula ng'oma zawo, anabwera manja ali m'thumba kudzaonerera. Achimwene anakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mapichesi, atavala jekete imene ndinawabweretsera, viyola ili pamiyendo. Maikolofoni ndinaiika pa tebulo langa, waya nditauyeza kale kuti ufika pamene akhalapo.

Ndinayamba ndi zimbale za a Ditala, zija zinkalumphitsa azungu. Anthu anangoima kundiyang'ana ngati ndikumata chubu cha njinga. Nyimbo yachiwiri chimodzimodzi. Manyazi a m'holo muja anandibwerera onse. Mnzake wa mkwati ndi amene anandipulumutsa. Anandipatsira makaseti awiri, ina ya zuku, ina ya rumba ya ku Zaire, ogulidwa kwa amalonda ochokera ku Malawi, ojambulidwa mobwerezabwereza mpaka mawu ake ngati akuchokera m'chitsime. Mwamwayi wailesi ya kaseti ndinali nditailumikiza kale ku kabokosi kaja. Ndinailowetsa rumba ija pansi pa chimbale monga anandiphunzitsira. Mayi wina wachikulire ndi amene anayamba kugwedeza phewa, ndipo posakhalitsa bwalo linali tho. Anthu amene anakhala zaka akugona ndi nsapato kumapazi anavina tsiku limenelo, ngakhale ena mwa asilikali aja anasiyira anzawo mfuti n'kulowa nawo. Ndinapeza kuti zimbale zina za ku Cuba zimalowana bwino ndi rumba, ndiye ndinkangosinthanitsa, kaseti, chimbale, kaseti, osasiya ngakhale pokokera mpweya.

Achimwene ndinawayang'ana katatu, ndikukumbuka bwino. Nthawi zonse ankagwedeza mutu pang'ono, ine n'kumati akuti pitiriza. Mumtima ndinkati akafuna andikodola. Koma iwo akanandikodola bwanji, mng'ono wawo amene anamulera okha, asewere awo ali pa mphasa pomwepo? Ankadikira kuti nyimbo zitope zokha monga zimachitira ng'oma. Pakati pake alamu anabwera ndi chikho cha thobwa, anaima pambali panga nthawi yaitali ndithu.

"Alamu, kodi anthuwa satopa?" anatero.

"Satopa, alamu, taonani nokha," ndinayankha, mano onse ali pamtunda ngati chitsiru.

Anaika chikho pa tebulo n'kubwerera kwa amayi anzawo. Ndinganene kuti sindinamve zimene ankatanthauza, ndipo kwa zaka ndinkanena choncho. Zoona zake n'zakuti ndinamva. Ndinkati ikatha iyi ndisiya. Koma ikamafika kumapeto ndinkayang'ana bwalo lodzaza lija, m'maganizo n'kuliona lili pululu, ndipo ndisanaganize n'komwe dzanja linali litaika kale singano pa chimbale china. Ndiye n'kumatinso ikatha iyi.

Chimene chinasiya ndi jenereta. Inatsokomola kawiri, chimbale chinayenda mwaulesi n'kuima, kunangoti zii. Ovina anadandaula, ena anaomba m'manja. Ndinaona achimwene akukhala bwino pa mpando, chala chili pa nsambo. Ngakhale popanda maikolofoni akanaimbabe, oyandikira akanamva. Koma mkulu wa asilikali anali atayang'ana kale dzuwa. Hutala ya lole inalira, injini inadzuka, ankhoswe anayamba kuthamangathamanga ndi mitolo, amayi nthungululu, akuchimuna kukwera molimbirana. Luwiza anabwera kudzagwada pamaso pa bambo ake, maso ake ali pa viyola. Iwo anamugwira pamutu n'kumuuza kuti akwere, msewu si wabwino. Lole itachoka anthu anandizungulira, kundigwira chanza, atatu anandiuziratu masiku a maukwati a ana awo. Nditacheuka, pansi pa mtengo panali mpando wokha.

Lolemba ndinatenga wailesi ya kaseti ija, imene inkathanso kujambula mawu, ndinaikamo mabatire n'kuwatsatira ku msika. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, gudumu la njinga alipana ndi bondo, akuwongola masipoko. Ndinapepesa, koma mawu ake anatuluka okhotakhota. Ndinati aimbe, kaya pomwepo kaya kunyumba, ine ndijambule, kasetiyo tikampatse Luwiza aziimvera moyo wake wonse, mwinanso n'kuposa akanaimva kamodzi kokha m'fumbi. Anandimvetsera mpaka ndinatha. Anati ndinagwira ntchito yabwino, anthu anasangalala, ndipo iwo sanaonepo makina osatopa ngati amenewo. Sankanyoza ayi, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Kenaka anazungulitsa gudumu lija, n'kumaliyang'ana ndi diso limodzi.

"Nyimbo ija inali ya Loweruka, mng'ono wanga. Lero ndi Lolemba."

Ndinaimba maukwati ambiri pambuyo pake, nkhondo isanathe ndi itatha. Amene kale ankatumiza uthenga kwa a Tome anayamba kutumiza kwa Mjerimani. Pena ndinkasiya dala mpata, kuzimitsa zonse n'kudikira, koma anthu ankangokuwa kuti makina afa, ndipo achimwene sankabweranso ku maukwati. Masingano atatha ndinasiya zimbale n'kutsala ndi makaseti, makaseti nawo nthawi yawo inatha, ndipo lero anyamata amabwera ndi nyimbo zosawerengeka m'kachipangizo konga chala, ine sandiitananso. Zimenezo sizindiwawa.

Achimwene anakhala zaka zina zingapo, tikudyera pamodzi, osatchulapo za tsikulo. Pa maliro awo, titachoka kumanda, Luwiza anandikokera pambali, mwana ali kumbuyo. Anati anafunsa kale mayi ake, mayi ake anati ankangomva viyola kuseri kwa nyumba, mawu ake ankawabisa ngakhale kwa iwo.

"Bambo aang'ono, inu munkakhala nawo pafupi masiku aja. Simunamveko ngakhale mzere umodzi? Ndikungofuna kudziwa kuti ankati chiyani za ine."

Ndinamuuza kuti ayi, sindinamve.